Amayi agwa usiku popita kuchimbudzi, ndiyambe kukonza chiyani pakhomo?

Nachisale (Area 25):
Moni nonse. Mundikhululukire, ndilemba motalika. Amayi anga ali kumudzi cha ku Linthipe, ali ndi zaka 79, amakhala ndi mdzukulu wawo wa Fomu 2. Loweruka usiku anadzuka kuti akataye madzi. Madzulo ake kunagwa mvula, ndiye potsika pakhonde anagwa chagada. Mtsikana uja anali m'tulo, sanamve kanthu. Anawapeza ndi aneba m'bandakucha, amayi atakhala m'matope, chitenje chili uko, akungonjenjemera. Kuchipatala anajambula, akuti fupa silinathyoke koma chiuno chatupa ndipo chigongono chasupuka. Achimwene anga a ku Joni akuti ndiwatenge adzakhale kwa ine. Amayi akanitsitsa, akuti sangasiye manda a bambo ndi nkhuku zawo. Lachisanu ndikupita kumudzi ndi kandalama kamene achimwene atumiza. Amene munadutsamo, ndiyambire pati?

Mayi a Tadala (Ndirande):
Pepani kwambiri achemwali. Mulungu ndi wamkulu kuti fupa lili bwino. Choyamba ndowa kuchipinda, usiku asamatulukenso, makamaka dzinja lino.

Nachisale (Area 25):
Ndowayo ndinaitchula kale pafoni. Anandiyankha kuti "ndasanduka khanda ine?" n'kudula foni.

Anamwino Opuma:
Mwanawe, pepa. Usanagule simenti kapena kuitana mmisiri, ukawafunse funso limodzi ndipo ukawafunse muli awiriwiri: phazi ndi limene linaterereka, kapena mutu ndi umene unayamba kuzungulira? Anthu akuluakulu amakonda kunena kuti ndinaterereka chifukwa mawu amenewa sachititsa manyazi, koma ukafatsa nawo umamva kuti m'maso munada kaye. Ngati ndi chizungulire, ukhoza kukonza khonde lonse ndipo adzagwabe. Amamwa mankhwala aliwonse?

Nachisale (Area 25):
Amamwa a BP, mitundu iwiri. Ena ndi timapiritsi ting'onoting'ono, m'buku mwawo analemba HCT.

Anamwino Opuma:
Amamwa nthawi yanji?

Nachisale (Area 25):
Ndafunsa mtsikana uja. Akuti amawapatsa onse madzulo akatha kudya nsima, chifukwa m'mawa amathamangira kusukulu ndiye amaiwala.

Anamwino Opuma:
Ndiye tapeza mbali ina ya nkhaniyi. HCT ntchito yake ndi kuchotsa madzi m'thupi kudzera mumkodzo, n'chifukwa chake kawirikawiri timati azimwa m'mawa. Mukawapatsa usiku ndiye kuti mwawatuma nokha kuchimbudzi kawiri kapena katatu mumdima. Usawasiyitse mankhwalawo ayi, ndipo usasinthe wekha kuchuluka kwake. Utenge buku lawo ndi timapepala tonse ta mankhwala, upite nawo kukiliniki ya BP ukafotokoze kuti anagwa. Upemphe awayeze BP atagona, kenako ataimirira. Kwa anthu ena okalamba BP imatsika akangodzuka mwadzidzidzi, magazi amachedwa kufika kumutu. Uwaphunzitse kuti akadzuka azikhala kaye m'mphepete mwa bedi, agwedeze mapazi, awerenge mpaka 30, kenako aimirire atagwira penapake. Ngati ukufuna kufunsa usanafike kumeneko, ukhoza kuimbira a Chipatala cha pa Foni, amene amapereka malangizo a zaumoyo pafoni.

Nambewe (Leeds):
Anamwino anena zoona. Ine kuno ntchito yanga ndi yomweyi, kusamalira okalamba, ndipo kugwa timakuopa kuposa matenda ambiri. A WHO, bungwe loona zaumoyo padziko lonse, amati anthu pafupifupi 684,000 amamwalira chaka chilichonse padziko lonse chifukwa cha kugwa, ndipo ochuluka mwa iwo ndi opitirira zaka 60. Choopsa china n'chakuti munthu akagwa kamodzi amayamba kuopa kuyenda, amangokhala, miyendo imafooka, ndiye kugwa kachiwiri sikuchedwa. Kuno timakhoma zitsulo zogwirira m'bafa ndi m'chimbudzi, timaika magetsi oyaka okha munthu akamadutsa, ndi kabatani kovala m'khosi koti akagwa angodina.

Bambo a Yamikani (Ntcheu):
Achemwali a ku Leeds, kabataniko akadina ku Linthipe kakalira kwa ndani? 😂 Ndipo chitsulocho mukhoma pakhoma la zidina, tsiku loyamba kuchigwira chizuka ndi dothi lomwe.

Nambewe (Leeds):
Kkkk ndimadziwa kuti mundiseka. Ndinakulira ku Mitundu ine achimwene, zidina ndikuzidziwa. Tengani nzeru yake, zipangizozo zisiyeni. Munthu akhale ndi pogwira kuchokera pabedi mpaka kuchimbudzi, aziona pamene akuponda, ndipo akagwa akhale ndi njira yoitanira anthu. Wezulo wa mpira womangirira kukhosi kapena pandodo amamveka patali kuposa mawu a gogo wozizidwa.

Kalipentala wa ku Mchesi:
Pazogwirira ndilowepo. Musakhome pakhoma. Kumbani mayenje m'mbali mwa njira yopita kuchimbudzi, muzike mitengo ya bulugamu yokhwima, kutalikirana mapazi anayi kapena asanu, ndipo ilowe pansi ndithu mpaka m'bondo. Kunsi kwake muwaule pamoto kapena mupake oilo wakutha wa galimoto, apo ayi chiswe chidya chaka chisanathe ndipo chogwirira chofumbwa n'choopsa kuposa kusakhala nacho, chifukwa munthu amachidalira ndi thupi lonse. Pamwamba mupingase mtengo wosalala, muupale kuti usabaye m'manja. Kutalika kwake muyeze pa amayiwo: aimirire manja ali pansi, pamene pafika mfundo ya dzanja pomwe timavala wotchi, pamenepo. Ndodo yoyendera muyezo wake ndi womwewo. Ambiri amawadulira agogo ndodo yaitali ngati ya m'busa wa ng'ombe, phewa limangopweteka.

Kalipentala wa ku Mchesi:
Ndipo sitepe ya pakhondeyo ndi yaitali bwanji?

Nachisale (Area 25):
Ndi imodzi koma yaitali, mwina kufika pakati pa msongolo. Madzi a padenga anakokolola dothi pansi pake ndiye inatalikirako.

Kalipentala wa ku Mchesi:
Muigawe pawiri, masitepe awiri afupiafupi komanso otambalala kuti phazi lonse lizikwanapo. Womanga asasalalitse simenti ndi supuni yake ija, adutsepo ndi tsache isanaume kuti pakhale pokhakhala. M'mphepete mupake laimu kapena penti yoyera, usiku imaoneka. Mukumbenso kangalande kuti madzi a padenga asamadikhe pamenepo.

Mayi a Tadala (Ndirande):
Koma ine ndibwerere pa zowatengera m'tauni. Achemwali, ganizani kawiri. Ife tinachita zimenezo ndi apongozi anga aamuna mu 2021, tinkaona ngati tawachitira zabwino. Kumudzi ku Thyolo ankadzuka n'kusesa pakhomo, kukaona nthochi zawo, kucheza ndi anzawo pabawo. Kuno anangokhala pampando tsiku lonse kuonera TV imene sankaimva. Nyumba yathu ndi ya simenti yofiira ija, ndipo ine ndinkanyadira kuipolisha Loweruka lililonse mpaka kumadzionerapo nkhope. Tsiku lina atavala sokosi anaponda kakapeti ka pakhomo la bafa, kanathawa nawo. Fupa la m'chiuno linathyoka. Anakhala m'chipatala masabata ambiri mwendo atauukoka ndi chingwe chomangirira zolemera kumapazi a bedi. Anatuluka zilonda kumsana chifukwa chogonera malo amodzi, kenako chibayo. Sanayendenso mpaka anatisiya. Mpaka lero ndikaona chitini cha polishi mtima umandiwawa. Ndinkasamala nyumba kuti alendo aziyamikira, osaganiza za munthu amene ankayendamo.

Nachisale (Area 25):
Mayi a Tadala pepani. Ndawerenga kawiri. Kwanga kuno ndi matailosi, ndipo ana amangotaya madzi paliponse.

Che Jafali (Mangochi):
Pepani amayi. Ine za ndowa zija ndili ndi mawu. Bambo anga nawonso anakana, ndipo ndinatenga miyezi ndisanamvetse chifukwa chake. Vuto silinali ndowa. Vuto linali loti m'mawa adzainyamula ndi ndani. Munthu amene anakulera sangalole kuti mpongozi kapena mdzukulu azinyamula zimenezo pamaso pa anthu. Komanso kunyonyomala pandowa ndi mawondo okalamba n'kovuta kuposa kuyenda kupita panja. Tinawapangitsira mpando wamatabwa wokhala ndi mikono, pakati pobowola, pamwamba chivindikiro cha thabwa ndi kakhushoni. Masana umangooneka ngati mpando wamba. Pansi pake kandowa kakang'ono ka chivindikiro, tinkathiramo timadzi pang'ono madzulo. Kukacha ankakanyamula okha n'kukataya, palibe amene ankayankhulapo. Masana mpando womwewo tinkauika pamwamba pa dzenje m'chimbudzi kuti asamanyonyomale.

Kalipentala wa ku Mchesi:
Mipando imeneyo timapanga. Kutalika kwake muyeze kuchokera pansi mpaka kuseri kwa bondo lawo, muonjezereko pang'ono. Ukafupika amavutika podzuka, ukatalika mapazi amalendewera. Ndipo chonde, ija yobowola mpando wapulasitiki ndi mpeni wamoto ndimaiona kwambiri, koma pulasitiki ikabowoledwa imafooka, ndipo ikakhalitsa padzuwa miyendo imatha kukhadzuka munthu ali pomwepo.

Dokotala wa Zitsamba Zamphamvu:
Agogo anu akuvutika ndi miyendo, nyamakazi, kuiwala? Tili ndi mankhwala ochokera kunja olimbitsa mafupa m'masiku 7 okha. Ndipezeni ku inbox.

Admin:
Bambo, gulu lino si msika. Ndakuchotsani. Tipitirize.

Bambo a Yamikani (Ntcheu):
Nachisale, pali chinthu chimene palibe wachitchula, ndipo ndikupepeseni ngati ndikukhudza pachilonda. Mwati anawapeza m'bandakucha, panja, chitenje chitavuka. Kumudziko anthu akuti chiyani?

Nachisale (Area 25):
Achimwene mwalasa. Sindimafuna kulemba. Mtsikana uja wandiuza kuti kumjigo ena amanong'onezana kuti agogo anagwa pobwera koyenda usiku. Akuti anzake kusukulu anamufunsa ngati lichero linatha mafuta. Analira.

Bambo a Yamikani (Ntcheu):
Ndimaopa zomwezo. Musazitenge ngati nthabwala za ana. Tonse tikukumbukira za ku Neno mu January 2016, anthu anayi okalamba a banja limodzi anaphedwa ndi gulu la anthu mphenzi itapha mtsikana m'mudzimo. Zimayamba ndi manong'onong'o a pamjigo omwewa, kenako m'mudzi mukagwa maliro a mwana anthu amakumbukira kuti paja agogo aja tinawapeza panja. Mukafika Lachisanu, musanagwire khasu, mukaonekere kwa amfumu pamodzi ndi aneba amene anawatola aja. Mutenge buku lakuchipatala. Mufotokoze poyera kuti amayi amamwa mankhwala okodzetsa, anagwa popita kuchimbudzi, ndipo mwamva zimene zikuyankhulidwa. Amfumu akadziwa kuti ana a mayiwa ali maso, nkhani imazizira. Lamulo la dziko lino limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti, ndipo mu 2024 Nyumba ya Malamulo inavomerezanso lamulo loteteza anthu achikulire. Zikapitirira pali apolisi, palinso a MANEPO, bungwe loyang'anira ufulu wa anthu achikulire, amene amatsata nkhani zotere.

Anamwino Opuma:
Bambo a Yamikani mwachita bwino kuitulutsa. Ndionjezere kwa ena amene mukuwerenga mwakachetechete. Alipo makolo amene mutu unayamba kuiwala chifukwa cha ukalamba. Amadzuka pakati pausiku n'kumati akupita kumunda, kapena akufuna kwawo pamene ali kwawo komweko, ena amavula zovala osadziwa. Amenewa ndi matenda a ubongo, ndipo ndi anthu otere amene amagendedwa akapezeka pakhomo pa eni. Musawabise. Aneba, amfumu ndi akumpingo adziwe kuti akawaona akuyenda okha awabweze kunyumba. Koma musawatsekere ndi loko kunja inu n'kuchoka, moto ukabuka alibe kothawira. Ife kwa azakhali anga tinamangirira chitini cha timiyala pamwamba pa chitseko, akangotsegula chimachita phokoso ndipo wogona pabalaza amadzuka.

Nambewe (Leeds):
Funso lina, mtsikana wa Fomu 2 uja akumusamalira ndani? Mwana ameneyo akupereka mankhwala, akuphika, akutunga madzi, usiku tikufuna azidzuka, m'mawa mayeso. Tsopano akusekedwanso kusukulu. Ndipo ndikhulupirira mumtima akudziimba mlandu kuti sanamve agogo akuitana.

Nachisale (Area 25):
Zoona, ndipo ine ndinamukalipira pafoni tsiku lija. Ndikamupepesa.

Mayi a Tadala (Ndirande):
Achimwene a ku Joniwo muwauze kuti m'malo motumiza ndalama yambiri kamodzi pakagwa vuto, azitumiza pang'ono mwezi ndi mwezi, mupeze mayi wina wa m'mudzi momwemo woti azibwera m'mawa kudzapereka mankhwala, kuwatenthetsera madzi ndi kuwadikirira posamba. Kubafa n'kumene ndimaopa ine. Mabafa athu a mpanda aja pansi timaika miyala, ndiye dzinja lino imamera ndere, kuphatikiza sopo. Azisamba atakhala pampando.

Che Jafali (Mangochi):
Ndipo ku Dedza June akubwera. Mbaula ya makala m'chipinda chotseka imapha anthu ali m'tulo, mpweya wake suoneka ndipo sununkha. Agogo amakonda kuilowetsa kuti afunde. Bola bulangete lachiwiri ndi chipewa. Awothe moto pakhonde kapena chitseko chili chotsegula, pogona mbaula ituluke.

Alamu Anu (Chipata):
Ife kuno tinagula tunyale twa sola tutatu, kamodzi kuchipinda, kena pakhonde, kena m'chimbudzi. Kakuchipinda kamayaka usiku wonse mochepetsa. Tochi ya m'manja ambuya ankangoisowetsa m'mabulangete, komanso dzanja limodzi ndodo lina tochi, agwira ndi chiyani? Muonenso neti ya udzudzu, ikalendewera mpaka pansi imakola mapazi podzuka.

Nachisale (Area 25):
Zikomo nonse, ndalemba m'kope. Ndidzakuuzani ndikabwerako.

Nachisale (Area 25):
Moni abale, ndabwerako dzulo. Ndinakhala masiku asanu m'malo mwa awiri.

Anamwino, munalondola. Usiku woyamba tili awiri ndinawafunsa bwinobwino, anavomera kuti m'maso munachita mdima asanaponde sitepe, ndipo aka sikanali koyamba. Mwezi wa November anagweranso kuseri kwa nkhokwe koma sanauze munthu poopa kuti tiwatengera ku Lilongwe. Kukiliniki anatiuza kuti HCT azimwa m'mawa ndipo tibwerenso pakatha mwezi akaonenso BP. Chinanso, pamene ndinkawaonetsa zithunzi za ana pafoni ndinaona akutembenuza mutu kuti aone ndi diso limodzi. Lamanzere lachita mtambo. Adokotala akuti ndi ng'ala, atilembera kalata yopita ku Nkhoma kuchipatala cha maso, mwayi wake si kutali ndi kwathu. Zaka zonsezi ndimabwera pa Khirisimasi ndi shuga ndi zitenje, osazindikira kuti amayi akuona ndi diso limodzi.

Kwa amfumu tinapita Loweruka m'mawa ndi aneba aja. Anatilandira bwino, ndipo Lamulungu pamsonkhano wa makuponi anayankhulapo osatchula dzina, anangoti amene ali ndi nkhani ndi okalamba a m'mudzi muno abwere nayo kubwalo, osati kumjigo.

Masitepe tagawa pawiri. Mitengo tazika isanu ndi iwiri mpaka kuchimbudzi. Poyamba amayi anakalipa kuti pakhomo pawo tikupasandutsa khola la ng'ombe, ndipo anthu aziti m'nyumba muno muli wolumala. Ndinangosiya osakangana nawo. M'mawa mwake ndinapeza atayanikapo zitenje ndi matumba a ufa, akuti bola pamenepa mbuzi sizifikira. Madzulo ndinawaona pawindo akuyenda atagwira mtengowo mpaka kukafika, akuganiza kuti palibe akuwaona.

Mpando wa Che Jafali uja anapanga ndi mmisiri wa pa Linthipe pomwepo. Ndinawauza kuti ndi mphatso yochokera kwa mwana wawo wa ku Joni, ndiye sakanatha kuikana. Usiku woyamba sanaugwiritse ntchito. Wachitatu ndinamva chivindikiro chikugogoda, ndinangofunda bulangete kumutu.

Zimene ndalephera: patapata. Ndinagula nsapato zansalu zotseka kumbuyo, aziika m'sutikesi akuti ndi za kutchalitchi. Patapata wawo anatha kunsi mpaka kusalala ngati mbale, wina anamangirira ndi waya. Wezulo akuti sangavale, si referee iwo. Komanso pokonza pashelefu ndinapeza mankhwala a makoswe ali m'kabotolo kofanana ndi ka mchere, moyandikana, munthu wake wa diso limodzi. Ndinachita kukhala pansi.

Mtsikana uja ndamupepesa, ndipo tapeza mayi wina wa kumpingo kwawo woti azibwera m'mawa.

Che Jafali (Mangochi):
Kkkk za chivindikiro zija zandikumbutsa bambo. Musadzawafunse za mpandowo ngakhale tsiku limodzi.

Anamwino Opuma:
Wagwira ntchito mwanawe. Ku Nkhomako usachedwe, ndipo ukawalimbitse mtima chifukwa ambiri amaopa kuti akawachotsa diso. Opaleshoni ya ng'ala ndi yaifupi, sawagoneka tulo, amangopha malo. Za patapata, kagule wina watsopano wa mtundu womwewo koma wokhala ndi lamba kuchidendene, wakaleyo asowe.

Bambo a Yamikani (Ntcheu):
Asowe bwanji anamwino, m'mudzi mmene mwangotha kumene nkhani ya ufiti? 😂

Anamwino Opuma:
Galu anatenga, bambo. Pakhomo paliponse pali galu.

Nachisale (Area 25):
Kkkkk amayi alibe galu, koma aneba ali naye. Akalipentala, funso lomaliza. Mtengo wachitatu kuchokera pakhonde ukugwedera pang'ono, pamenepo dothi ndi lofewa chifukwa ndi pamene ankatayira madzi otsukira mbale. Ndithire simenti kapena ndiusunthe?

Kalipentala wa ku Mchesi:
Musathire simenti pa dothi lonyowa, ingosweka. Auzule, akumbe mozamirapo, atsire zidutswa za njerwa zowotcha ndi miyala n'kusinja ndi musi mpaka ulimbe. Akatha, mnyamata wamphamvu auyedzamire ndi thupi lonse, ukapanda kusuntha ndiye amayi agwire. Madzi a mbalewo azitayira kwina.